Msana wa a Dailesi

Chilowereni pakhomopo, a Dailesi sanamuyang'ane Kingsford ngakhale kamodzi. Dona wachizungu amene anabwera ndi Kingsford, mayiwo anamupatsa moni ndi manja awiri, kenako anakokera mkeka wawo pakona n'kukhala motembenukira kukhoma. Mnyamatayo anangotsala ndi msana.

Munali mu 1958. Donayo ankafufuza za anthu amene anathawa mfuti za Apwitikizi n'kudzakhazikika ku Limbe, ndipo Kingsford, kalaliki wa kunjanji, ndiye ankamasulira. Mwa nyumba zonse, iyi yokha ndi imene ankaiopa. Ella, mwana wa mayiwa, ankakumana naye mobisa kuseri kwa siteshoni, ndipo mtima wake unali utagwa kale pa iye. Koma panali nkhani imene ngakhale Ellayo sanamuuze. Bambo ake a Kingsford, a Laban, telala wofatsa wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye, kale anali sipayo, msilikali wachikuda wa Apwitikizi.

A Dailesi analiuza khomalo zonse. Asipayo anafika kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri la Mulanje, kudzagwira amuna a chibalo. Anthu atakana, anatentha nkhokwe. Amuna awo anawamanga chingwe m'chiuno, ndipo sanabwererenso. A Dailesi anawoloka malire ali ndi Ella kumsana, akuyamwa. Amene anagwira chingwecho, anatero mayiwo, anali wamtali, wa khutu loduka nsonga.

Kingsford anamudziwa munthuyo. Khutu limenelo ankaliseweretsa ali mwana. Kwa donayo anangoti anali msilikali wina, basi, ndipo donayo anagwedeza mutu mokhutira. Za khutu lodukalo Kingsford anazibisa.

Tsopano anadziwa chifukwa chake amufulatira. Mayiwa anamuzindikira. Mphumi, msinkhu, ngakhale katsokomoledwe, zonse anatengera bambo ake. Ella atabweretsa tiyi, Kingsford anasendera kuti alandire kapu, ndipo a Dailesi anasunthira kutali, n'kufunda mpango kumaso. Tiyiyo Kingsford sanathe kumumwa. Munthu ungapemphe bwanji mwana wa anthu amene kwanu kunawasandutsa amasiye?

Donayo atapita kugalimoto, Kingsford ananjuta pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ngati nkhope yangayi ikukupwetekani, sindidzapondanso pano. Ella ndimusiya."

A Dailesi anawongola mkeka ndi chikhatho. Poyankha, anayankhabe khoma.

"Nkhope ya a Laban ndimaiona Sande lililonse kutchalitchi, zaka zonsezi, ndipo Mgonero timalandira pamodzi. Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi iwo, inu munali musanamere mano."

"Nanga bwanji mwandifulatira, mayi?"

"Kodi kwanuko mpongozi amayang'anizana ndi mkamwini? Ella anandiuza kalekale. Kauzeni amalume anu afulumire, anthu a kusiteshoni ayamba kulankhula."