Mndandanda wa Azimayi a Pansi

Dyna Chirambo ankadyetsa a Whitlock phala la oats pomwe belu la pakhomo linalira. Anapukuta chibwano cha nkhalambayo n'kusuzumira pa windo la kukhitchini. Panja panali mayi wa jekete ya khonsolo, fayelo kukhwapa.

Dyna sanachite mantha. Anayang'ana tsidya la msewu, pa kapinga wa a Tolliver, pomwe chikwangwani chinali chilili: BOMA LICHOKE PAKHOMO PANU. TAWUNI IDZILAMULE YOKHA.

Ndayenda m'matawuni ambiri ozungulira Washington, ndipo paliponse azimayi athu amagona m'zipinda zapansi pa nyumba za okalamba amene amawasamalira. Tawuni ya Dyna, kuseri kwa Arlington, inali yoyamba kuvomereza zimenezi poyera. Anthu anavota, khonsolo inalemba: wosamalira odwala akhoza kukhala m'chipinda chapansi. Dyna anakhalamo zaka zitatu. A Whitlock, a zaka 88, anali ataiwala mayina a ana awo, koma la Dyna ankalidziwa. Akadzuka osamuona, ankakana kudya.

Kenaka kunamveka mphekesera yoti kunyumba ya malamulo ya chigawo kukubwera lamulo lofafaniza zimene matawuni anavomereza paokha. Apa m'pomwe a Tolliver anaoloka msewu. Anali phungu wa deralo, bambo wa imvi zosalala, amene pa wailesi sankatopa kunena kuti boma lalikulu ndi fisi wolowa m'khola la eni. Anakhala pa tebulo lomweli, akuseweretsa cholembera chawo cha inki yobiriwira, chomwe ankasainira makadi a Khrisimasi a msewu wonse.

"Anthu a kulikulu sadziwa nkhope zanu," anatero. "Ndilembereni mayina ndi maadilesi a anzanu onse okhala m'zipinda zapansi. Ndikawaonetse kuti akupweteka anthu enieni."

Potuluka anaima pang'ono kuyang'ana Corolla ya Dyna, yomwe bampala yake inali yomanga ndi waya. Anati kalekale msewu uno sunkaimikidwa magalimoto. Kenaka anamwetulira n'kumapita.

Dyna anang'amba tsamba m'kope lomwe ankalembamo nthawi ya mankhwala. Dzina lake analiika pamwamba, kuti anzake alimbe mtima. Masabata atatu ankaima pakhomo la tchalitchi, mapemphero akatha. Ena analemba msanga. Chilufya, mayi wa ku Lusaka wosamalira nkhalamba misewu iwiri kuchokera apo, anavuta.

"Ba Dyna, ine niyopa. Adilesi si chinthu chopatsa munthu wa ndale."

"Amenewa si ngati ena aja, Chilu. Ndi aneba. Mawu awo ali pa chikwangwani, masana dzuwa likuswa mtengo."

"Chikwangwani na ine ningagule."

Koma analemba, pa nambala 9. Mayina anakwana 17. Dyna akulikopera bwino, a Whitlock anaika kapu ya tiyi pa tsamba latsopanolo, n'kusiya chizindikiro chozungulira pakona. Dyna analibenso nthawi, analipereka choncho kwa a Tolliver.

Lamulo linadutsabe. A Tolliver sanabwerenso, koma Dyna anamvetsa: munthu wogonja pa nkhondo amachita manyazi. Anawaphikira mandasi n'kukawasiya pakhonde. Mlungu womwewo Chilufya anatulutsidwa m'chipinda chake. Mlungu wotsatira anali Gwendoline, mnzawo wina wa pa mndandanda uja. Dyna ankatukwana anthu a kulikulu, anthu oti sanasinthepo thewera la munthu wamkulu, koma akudziwa malo oyenera kugona amene amalisintha.

Tsopano anatsegula chitseko. Mayi wa khonsolo uja analowa, nkhope yotopa, napempha kuona chipinda chapansi. Anayeza windo, anayeza denga, nalemba. Atabwerera kukhitchini anati Dyna ali ndi masiku makumi atatu oti achoke m'chipindamo.

"Nanga awa?" Dyna analoza a Whitlock, omwe anali atagwira mkono wake ngati mwana pamsika.

"Ana awo awapezere nyumba ya okalamba." Mayiyo anapumira m'mwamba. "Musandiyang'ane choncho, mayi. Ine ndinavotera kuti mukhale. Tawuni yonse inafuna mukhale. Koma atilanda mphamvu. Tikapanda kuchita izi, khonsolo ilangidwa."

"Ndikudziwa si inu. Ndi aja a boma lalikulu." Dyna anakweza chibwano. "Koma tili ndi munthu wathu. A Tolliver sanagone nayo nkhaniyi. Adzaibwezanso."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika fayelo pa tebulo, pambali pa mbale ya phala, naitembenuza kuti iyang'ane kwa Dyna.

"Sainani apa kuti mwalandira," anatero. "Musafulumire. Werengani zonse."

Dyna anawerenga chikalata choyamba. Anatembenuza. Chachiwiri chinali lamulo lija, ndipo pamwamba, pomwe amalemba phungu amene analibweretsa, panali dzina limodzi lokha: Tolliver. Chachitatu chinali tsamba la m'kope, la malembedwe ake omwe, chizindikiro cha kapu ya tiyi pakona. Nambala 9, ya Chilufya, inali itachongedwa kale ndi inki yobiriwira. Dzina la pamwamba linali lozunguliridwa kawiri, ndipo pambali pake inki yomweyo inalemba: wa Corolla uja.