Fayilo ya Loweruka

Mu 2007 Enifa ankayang'anira seva, kompyuta yaikulu ya kakampani kothandiza amathiraki pa boda ya Mchinji. Sevayo inkalemba m'fayilo dzina la aliyense woigwiritsa ntchito, ndipo tsiku likatha inkatseka fayiloyo n'kuyamba ina. Sabata ina inangodzaza n'kuima. Abwana anati ikaimanso, ntchito yake yatha.

Lachitatu kutada Enifa anabwerera yekha ku ofesi n'kuimbira foni a Levi a ku Lilongwe, amene ankaikonza ali komweko.

"Mafayilo achuluka," anatero Enifa. "Pali ya mawa, ya mkuja, mpaka ya mwezi wamawa."

"Ndiye kuti wotchi yake yasokonekera."

"Ndaona kale. Ili bwinobwino."

"Tatsegulani ya mawayo."

Munali dzina la Enifa, atalowa 7 koloko m'mawa monga mwa masiku onse. Ya Lachisanu chimodzimodzi. Kuyambira Loweruka dzinalo silinaonekenso, ndipo Lolemba pa kompyuta yake panali munthu wina.

"Kapena angondichotsa ntchito," anatero motsitsa mawu.

Kenako a Levi anafunsa:

"Nanga langa lilimo mpaka liti?"

Enifa anafufuza kawiri. Dzina la a Levi linalekezera Lachitatu lomwelo.