Nsambo za Amalume

Woimba besi wina analandira gitala ya besi yamagetsi ya malemu amalume ake, koma kaliridwe kake sanalandire. Amalumewo ankaikhudza ndi chala chachikulu chokha, iyo n'kumalira mozama, mokhuthala, ngati m'nyimbo zakale. Mphwakeyo atachotsa nsambo zadzimbiri n'kuzitaya m'bini, n'kuika zatsopano, inayamba kulira ngati chitini.

"Amalume ako sankasintha nsambo, ankangopanira kasiponji pansi pa nsambozo," anamuuza mnzake woimba ng'oma.

Kutada anabwerera kuchipinda chawo choyeserera nyimbo, kasiponji kali m'thumba. Magetsi anali atazima dera lonse.

Mlonda anamuunika ndi tochi pageti. "Mwachedwatu achimwene. Bambo aja ayamba kalekale."

"Bambo ake ati?"

"Oimba ndi chala chachikulu aja. Simukumva?"

Anamvadi. Kuseri kwa chitseko chokhoma besi inkalira pang'onopang'ono, mozama, mokhuthala, popanda magetsi. Atangolowetsa kiyi, inasiya.

M'chipindamo munalibe munthu. Gitala inali itatsamira pampando, osati m'chikwama m'mene anaisiya. Nsambo zadzimbiri zimene anataya m'bini zija zinali zitabwerera pamalo pake.

Anazikhudza. Zinali zofunda, ndipo yaikuluyo inali ikunjenjemerabe.