Cholembera Chofiira cha Mayi Hamanaka

Chitseko cha chipinda cha zikho chinali chotsekula pang'ono, ndipo Kanna Shiraishi anaima pakhonde, chikwama cha yunifomu chili paphewa. Anangobwera kudzabweza katundu wa timu. Koma mkatimo munali Mayi Hamanaka, atawerama pa buku la mbiri ya timu, cholembera chofiira chili m'manja.

Cholembera chimenecho Kanna ankachidziwa bwino.

Mtsikana aliyense wolowa timu ya hoke ya pa ayezi pa yunivesite yathu kuno ku Kushiro amaloweza nambala imodzi asanadziwe n'komwe kumanga bwino nsapato zake zotsetserekera. Nambalayo ndi 38, zigoli zimene Tsuruko Hamanaka anamwetsa m'chaka chimodzi, chaka chomwe timuyi inatenga chikho chake choyamba. Zikho zina zisanu ndi chimodzi zinabwera pambuyo pake, makochi anabwera n'kupita, bwalo analigumula n'kumanga lina, koma kwa zaka makumi atatu nambalayo inakhalabe pakhoma. Mwini wakenso sanachoke. Atasiya kusewera anadzipereka kusunga mbiri ya timu, ndipo pa masewera aliwonse ankakhala pampando wakutsogolo ndi kamera yawo, nkhope ili gwa, osaomba m'manja ngakhale kamodzi.

Loweruka, pa masewera ake omaliza, Kanna anamwetsa chigoli chimodzi n'kufika pa 38. Anzake anamuunjikira pa ayezi pomwepo. Bambo ake analira pagulu, zimene asodzi a kuno sachita. Chimwemwecho chinakhala masiku awiri okha. Lolemba Mayi Hamanaka anatenga vidiyo yawo kupita nayo kwa oimbira masewera, n'kuwaonetsa kuti kampira kanakhudza ndodo ya mnzake Fumika kasanalowe mu ukonde. Lamulo lake silivuta: chigoli ndi cha amene wakhudza komaliza, ngakhale kutakhala kungokwecha chabe. Kanna anatsikira pa 37. Maphunziro anali atamaliza, ndipo panalibenso Loweruka lina.

Fumika anadzapepesa misozi ili mbwembwembwe. Kanna anamuuza kuti palibe kanthu, koma linali bodza, chifukwa zinkamuwawa kwambiri. Kodi ndani amaonera vidiyo kakhumi konse kufunafuna nsonga ya ndodo, ngati si munthu amene ali ndi chake chotchinjiriza? Anayamba kukumbukira zambiri. Zaka zinayi zonsezi mayiwa sanamuyamikirepo. Akamwetsa chigoli, iwo ankangoyang'ana pansi n'kulemba. Kanna atafika pa 30, mayiwa anayamba kubwera ngakhale ku masewera okonzekera.

Tsopano buku lokumbukira zaka makumi anayi za timu linkapita kokasindikiza Lachisanu, ndipo mayiwa anali okhaokha m'chipindamo, opanda wowaona.

Kanna anasuzumira. Kawayilesi ka kanema kanali katafulatira kuchitseko, koma ankamva phokoso la ndodo ndi kukuwa kwa anthu. Mayi Hamanaka anaimitsa, anabweza m'mbuyo, anayandikiza nkhope, anabwezanso. Kenako cholembera chinatsika, khwaa, mzere umodzi m'buku. Anatsegula tsamba lina. Anabweza, anaimitsa, anapukusa mutu. Khwaa, mzere wachiwiri.

Ndiye kuti 36, ndiye kuti 35. Pofika Lachisanu adzakhala atamusenda mpaka pati?

Anakankha chitseko n'kulowa osagwadira zikho, nsapato zili kumapazi, zimene anali asanachitepo chibwerere pasukulupo.

"Mwadula zingati lero, mayi?"

Mayi Hamanaka sanadzidzimuke. Anavula magalasi n'kumuyang'ana kumapazi.

"Ziwiri. Vula nsapato, mwanawe, muno si kumsika wa nsomba."

"Chimodzi chija sichinakukwanireni?"

"Chija chinali cha Fumika."

"Inu simunandifunepo chiyambire. Mukanangonena kuti khomali ndi lanu mpaka kufa, bwenzi ndisanadzivutitse kudzuka mbandakucha zaka zinayi, zala zikuchita kuuma ndi chisanu. Mano awiri ndinasiya pa ayezi paja, mayi. Inu muli pheee ndi kakamera kanu."

"Wamaliza?"

"Sindinamalize. Ndikupita kwa akochi. Vidiyo imeneyo aonere anthu ena, osati inu nokha."

"Aonera dzulo, iwo ndi akuluakulu a bungwe la masewera. Avomereza zonse ziwiri. Ine ndimangotsimikiza komaliza ndisanalembe."

Kanna anabwerera m'mbuyo. Ndiye kuti onse anali mbali imodzi, ndipo anagwirizana kalekale iye osadziwa. Chikwama chinapulumuka paphewa n'kugwa pansi. Anaganiza za bambo ake, amene anali atauza kale doko lonse za zigoli zake. Anachita manyazi, anapsa mtima, ndipo koposa zonse anatopa.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Ndionetseni zimene mwandilanda, ndizipita."

Mayi Hamanaka anapuma mozama. Kenako anatembenuza kawayilesi kaja. Chithunzi chinali chothimbirira, chamizeremizere, atsikana ake atavala zipewa zachikale zimene Kanna anangozionapo m'kabati.

"Nditakuyeza iwe ndi muyezo uja, mtima sunakhale m'malo," anatero mayiwo. "Ine anandiyeza ndani? Masiku athu woimbira ankangoyang'ana amene wayamba kukweza manja, ndipo ine ndinkakweza msanga."

Anamukankhira buku lija. Mizere yofiirayo inali pa masamba a Tsuruko Hamanaka.

"Zanga ndi 36, mwanawe. Pamene unkalowa m'bwalo Loweruka lija, unali utandiposa kale."