Mtima Wotungira Madzi

Mjigo wa m'mudzimo sutulutsa madzi pokhapokha chibangili cha pamkono chitachitira umboni kuti mtima wa wina pabanjapo wagunda mothamanga kwa theka la ola. Akuluakulu akuti akufuna anthu athanzi.

Nangondo amalima ndime yonse, n'kusenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri, koma mtima wake unazolowera, sudziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu. Chibangili chimangolemba kuti: "Ulesi."

Amuna ake, a Likongwe, katswiri wa bawo wamimba ngati mtsuko, akangokwera kachulu kakuseri kwa khola, mtima uli gugugu, thukuta lili kamukamu. Tsikulo zidebe zisanu zimadzaza. Satifiketi yawo ya Ngwazi ya Thanzi ili pakhoma, ndipo woipukuta fumbi ndi Nangondo.

Tsiku lina manyazi anawagwira bambowo. Nangondo anawapeza kudimba, khasu lili m'manja.

"Abambo, mwapenga? Siyani khasulo!"

"Ndimati ndikuthandizeniko, mayi. Anthu akundinena."

"Anthuwo adzatitungira madzi? Mukalimba, mtima wanu n'kuzolowera ngati wangawu, tidzamwa chiyani? Tiyeni mukagone pamthunzi. Ndakukazingirani nkhumba, yamafuta okhaokha."