Mano Awiri pa Mendulo

Isanakwane teni koloko mayi wina anali atachapa matewera, kukolopa, kusita yunifolomu ya mwamuna wake ndi kupirikitsa mphaka wa aneba katatu. Chinamukanika ndi chimodzi, kutontholetsa Abwana, mwana wake wa miyezi isanu ndi umodzi. Usinini unkamuyabwa, mano ali pafupi kutuluka.

Supuni anaitaya. Chala anachikana. Maso a mayiyo anagwera pakhoma, pamene pankalendewera mendulo ya Mphepo, mwamuna wake. Anaipata pa mpikisano wothamanga asanakwatirane, ndipo sankalola munthu kuikhudza. Ankaipukuta yekha Lamlungu lililonse ali duu, monga ankachitira munthu akatchula mayi ake, amene anamwalira osasiya ngakhale chithunzi.

Tsiku lina akuonera othamanga akuluma mamendulo pa TV, Mphepo anamufotokozera kuti zinachokera kwa amalonda akale, amene ankaluma ndalama kuti adziwe ngati golide wake ndi weniweni. "Koma ine yangayi sindinailumepo," anatero.

Lero mayiyo sanaone golide. Anaona chitsulo chozizira. Anaitsuka ndi sopo n'kupatsa mwana. Abwana anaigwira ndi manja awiri, nayamba kuitafuna. Nyumba inati zii, ntchito n'kuyenda.

Poibwezera pakhoma ndi pamene anaona. Kumbuyo, cha m'mphepete, kunali timaenje tiwiri togundizana. Mano.

"Abwana, atulukira lero manowo? Mwandiphetsa."

Koma iye sanali munthu wokhala pansi n'kumalira. Poto akapindika amawongola, malaya akang'ambika amasoka. Anakabwereka tupa kwa aneba okonza njinga.

"Tupa, mlamu? Mwayamba kunola bambo a kunyumba?"

"Inu ingondibwerekani, ndabereka mwana."

Anakhala pakhomo n'kupala pang'onopang'ono, natsirizira ndi waya wotsukira mapoto. Timaenje tija tinatheratu. Utoto wagolide unachokera limodzi, koma kunali kumbuyo, koyang'ana kukhoma. Ndani amatembenuza mendulo?

Madzulo anakhala pansi kuti adye. Mphepo ankasimba za kuntchito, iye akungoyang'ana khoma. Mapeto ake anaika mbale pansi.

"Bambo a mwana, ndalakwa. Ndinapatsa Abwana mendulo yanu, aluma mpaka kusiya mano. Koma musadandaule, ndakonza. Palibenso chooneka."

Mphepo anaimirira, naitsitsa. Sanaiyang'ane n'komwe. Chala chake chachikulu chinapita chokha kumbuyo kuja, ngati chozolowera njira. Chinapeza posalala. Chinabwereranso kachiwiri.

Sanakalipe, ndipo mayiyo analakalaka akanakalipa. Anangonyamula mwanayo, n'kumutsegula kukamwa mofatsa. Munalibe dzino ngakhale limodzi.

"Tsiku limene ndinabwera nayo, amayi anati, 'Akupusitsa iwe, patse kuno ndione.' Analuma ndi mphamvu zawo zonse, n'kuseka mpaka misozi. Mwezi wotsatira tinawaika m'manda."

Zimene mayiyo anataya tsiku limenelo ndi izi: maola awiri, waya mmodzi wotsukira mapoto, ndi mano awiri a apongozi ake.