Kompyuta ya Goliati yomwe inkangozima yokha

Panali munthu wina pa Migowi, dzina lake Goliati Sitima, yemwe anali ndi kasitudiyo kojambulira nyimbo za makwaya. Amene anandiuza nkhaniyi amayimba besi mu kwaya ina ya ku Chiwalo, ndipo akuti zonsezi anaziona ndi maso ake.

Goliati atatopa ndi kalaputopu kake kakale, anakagula zipangizo zatsopano ku Blantyre n'kuzipereka kwa Sellina Kaliati kuti amulumikizire kompyuta yamphamvu. Sellina ndi mayi wokonza mafoni ndi makompyuta pamsika pomwepo, munthu wosalankhulalankhula, koma ntchito yake anthu sankaikayikira. Anailumikiza, anaiyesa masiku awiri osaizimitsa, kenako anakaipereka.

"A Sitima, chinthuchi chimafuna mphepo," anatero Sellina. "Musamachipanikize."

Goliati anangoti eya eya, maso ali pa timagetsi ta buluu tomwe tinkawala m'bokosi la kompyutayo.

Sabata isanathe, mavuto anayamba. Kompyuta ija inkangozima yokha, osachenjeza. Tsiku lina inkagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo bwinobwino, tsiku lina ola limodzi osakwana. Kwaya ya ku Chiwalo inapalasa njinga katatu kudzajambula, ndipo katatu konseko nyimbo inadukira pakati. Goliati anakwiya mpaka chakudya osachifuna.

Ndiye kunatulukira mkulu wina wogulitsa machaja, woti palibe ankamudziwa pa Migowi. Anangoliyang'ana bokosi lija, osalitsegula n'komwe, n'kupukusa mutu.

"Bwana, apa akuberani. Mayiyo zatsopano wasunga, wakuikirani zakale. Ine izi ndimazidziwa."

Goliati anameza bodzalo lonse. Anapita pamsika n'kuyamba kuuza aliyense kuti Sellina ndi wakuba, ndipo kuti Lolemba akamusumira kupolisi. Pofika Lachisanu anthu anali atayamba kudzatenga mafoni awo kwa Sellina asanakonzedwe. Zinamupweteka kwambiri mayiyu. Dzina lomwe analivutikira zaka zisanu ndi ziwiri linali kuthera pakamwa pa munthu mmodzi.

Koma taonani mtima wake. Sanakalalate, sanatukwane. Anatenga kachikwama kake ka masikuludiraiva n'kukagogoda kusitudiyo.

"Mundipatse tsiku limodzi. Likapezeka vuto lili langa, kupolisiko ndikafika ndekha."

Anatsegula bokosi, n'kumuonetsa Goliati kuti manambala a zipangizo ndi omwewo ali pa makatoni ake. Anayesa imodziimodzi ramu, mbali zokumbukira zinthu m'kompyuta. Anagwedeza waya aliyense. Anayeza magetsi apakhoma, anafufuza mavairasi, anaipatsa ntchito yolemetsa kwa maola atatu. Kompyuta osazima ngakhale kamodzi.

"Ikukuopani," anatero Goliati monyoza. "Mukangochoka iyambiranso."

Wina akananena kuti ndiye basi, ili bwino, n'kumapita. Sellina ayi. Anangoti, "Mawa muitane kwaya ija. Mudzagwire ntchito monga mwa masiku onse. Ine ndidzangokhala pakona apo, mudzandiiwale."

Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, kwaya inafika. Goliati anatseka chitseko ndi mawindo onse kuti phokoso la njinga zamoto lisalowe. Anaimika oyimba, anavala mahedifoni, anamvetsera n'kuchita tsinya. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa bulangete lalikulu laubweya, n'kulikuta bokosi lija mbali zonse, mpaka kufinyira m'mphepete ngati akufunditsa mwana wodwala malungo.

Sellina anaona zonsezo. Anangoyang'ana nthawi pafoni. Patatha mphindi makumi awiri, amayi a kwaya ali pakati pa kolasi, sikirini inada.

"Mwaonatu!" anakuwa Goliati. "Mwaona nokha!"

"Ndaona. Bulangetelo ndi lachiyani?"

"Mafani oziziritsa m'bokosimo amalira kwambiri, maikolofoni imatola. Ndiye pojambula ndimafunditsa."

"Mukamaliza mumachotsa?"

"Ndikakumbukira."

Sellina anavundukula bulangete lija n'kuti, "Tagwirani apa." Goliati atagwira anachotsa dzanja msangamsanga, chitsulo chinali moto. Mayi uja anafotokoza modekha kuti kompyuta ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha kuti isapse. Tsiku la chiperoni inkapirira, tsiku lotentha inkagonja msanga, ndipo tsiku lomwe sanaifunditse sinkavuta n'komwe. Mayi wina wa aluto analephera kudzigwira n'kuphulika kuseka.

Sellina sanaseke nawo. Anaitanitsa mmisiri yemwe anaboola kabowo pakhoma, n'kuika bokosilo m'chipinda choyandikana nacho momwe mumadutsa mphepo, mawaya okha ndiwo analowa m'situdiyo. Phokoso la mafani linatha, kuzimazima kunathanso. Tsiku lomwelo kwaya inajambula nyimbo zisanu ndi imodzi.

Goliati manyazi anamugwira. Anamutsatira Sellina panja n'kuyamba kupepesa monong'ona.

"Ayi, a Sitima," anatero Sellina. "Ponditcha wakuba simunanong'one. Munanenera pamsika, mukapepesere pamsika pomwepo."

Tsiku la msika, Goliati anatulutsa sipika yake yaikulu, anaima pakati pa ogulitsa nandolo ndi matemba, n'kunena katatu kuti Sellina Kaliati sanabe kanthu, wolakwa ndi iye ndi bulangete lake. Sellina sanapite kukamvera. Anali pabenchi pake, akulandira mafoni omwe eni ake anayamba kuwabweza m'mawa womwewo.

Phunziro: Chipangizo chikamavuta, yambani mwadzifunsa zomwe inuyo mumachita nacho musanaloze chala amene anakukonzerani. Mverani malangizo a mmisiri wanu, osati mlendo woweruza bokosi asanalitsegule. Ndipo mukaipitsa mbiri ya munthu pagulu, mukaikonzenso pagulu. Tumizirani anzanu, makamaka aja amafunditsa makompyuta.